Tsiku Limene Mabuleki Anasiya Kulira

Pakhomo paja panali pamtendere. Bambo ndi mayi anali anthu opemphera, olimbikira ntchito, ndipo ankaweta nkhuku zoikira mazira kuseri kwa nyumba. M'mawa uliwonse mayi ankatola mazira, kuwapukuta n'kuwandandalika m'mathireyi, bambo n'kuwanyamula pa galimoto kukasiya m'magolosale. Galimotoyo anaigula ili yotheratu kale, itadutsa m'manja mwa anthu angapo, koma ndi yomweyo imene inaphunzitsa ana onse a m'nyumbamo.

Ana aakulu atapita kumabanja awo, panatsala mnyamata mmodzi amene aliyense ankangomutchula kuti Mzime. Sanali mwana woipa, ayi. Mowa sankalawa, cha mwini sankagwira, kutchalitchi sankajomba. Nthenda yake inali imodzi yokha, ulesi. Ukamutuma ankayankha mwaulemu kuti, "Ndamva, ndichita," kenaka n'kukagona chagada pampando, foni ili m'manja. Mayi ake nawo, poti mzime ndi mzime, ankamuikira kumbuyo.

Msana wa bambo utayamba kuvuta, moti kuwerama kunakhala nkhondo, makiyi anapita kwa Mzime. Kuyendetsako ankakukonda kwabasi. Chimene ankadana nacho n'kudetsa manja.

Tsiku lina galimoto inayamba kulira ikamaima. Pageti tswiii! Pagolosale tswiii! Bambo anamva ali pakhonde, n'kumuitana.

"Wamva kuliraku? Pa mapadi a mabuleki pali kachitsulo kakang'ono. Mapadi akatsala pang'ono kutha, kamakhudza disiki n'kumalira kuti mwini galimoto adziwe. Ukweze galimoto pa jeke, uchotse tayala lakutsogolo, utulutse padi yakale upite nayo kusitolo. Usapite chimanjamanja. Galimoto zakalezi zimangofanana nkhope, koma mapadi ake amasiyana."

"Ndamva bambo, ndichita."

Sabata inatha, ina n'kuyamba. Galimoto inkangolirabe, mpaka ana a mumsewumo anayamba kuiyeserera ikamadutsa. Bambo mtima unawawawa.

"Kodi ine ndimayankhula ndi khoma?" anatero tsiku lina akumenya ndodo yawo pansi. "Msana wanga ukanakhala wabwino, bwenzi ndikukupempha iwe? Mayi akowa amakwera galimoto imeneyi tsiku ndi tsiku!"

"Musamukalipire choncho mwana," mayi analowerera. "Amatopa nayenso."

"Amatopa ndi chiyani? Kukanda foni?"

Mawuwo anamupweteka Mzime. Anatenga ndalama imene bambo anamupatsa, n'kutuluka atakwinya nkhope. Anayang'ana jeke, anayang'ana tayala lafumbi lija, anayang'ana malaya ake oyera. Mumtima anati, padi ndi padi basi, achikulirewa amangokonda kuvutitsa zinthu. Anakwera galimoto n'kupita chimanjamanja.

Kusitolo ya masipeya kunali mayi wina wa magalasi, mwini sitoloyo. Kumbuyo kwake mashelefu anali atadzaza timabokosi mpaka kudenga.

"Ndikufuna mapadi akutsogolo a galimoto ili panjayo."

"Yakale mwabwera nayo?"

"Ayi. Galimotoyo mukuionatu."

Mayiyo anasuzumira pazenera, n'kutsitsa mabokosi angapo pakauntala. "Mtundu umenewo uli ndi mapadi osiyanasiyana, achimwene. Taonani, awa makutu ake ndi aatali, awa ndi aafupi. Ndiye palinso awa otchipa, amene amadya disiki ndipo sachedwa kutha, amenewa sindikukulangizani. Jeke ndili naye kuseriku. Kachotseni yakale tifananitse, si ntchito yaikulu."

Mzime anamva ngati bambo ake amutsatira mpaka m'sitolo. Kodi lero aliyense wasanduka mphunzitsi? Analoza bokosi limene linkaoneka lokongola kuposa ena.

"Ndipatseni awa."

"Chabwino. Akakapanda kulowa musakawakakamize, mubwere nawo tidzasinthe."

Pobwerera anadzera kwa mnzake amene anthu ankamutchula kuti Chidule, chifukwa panalibe ntchito imene iye ankaigwira mpaka kumapeto. Awiriwo anaimika galimoto pamthunzi kuseri kwa nyumba ya Chidule, n'kuchotsa tayala. Mapadi akale anali atatsala pang'ono kwambiri. Atayesa kulowetsa atsopano, anakana. Anawatembenuza uku, kuwatembenuza uko, kuwagogoda ndi sipanala, koma ayi ndithu. Makutu ake anali aatali.

Mzime anakhala pansi thukuta lili kamukamu, malaya oyera aja atada bii. Ankaganiza za mayi wa magalasi uja akumuyang'ana, ankaganiza za bambo ake akuti, "Ndinakuuza." Zonsezo zinamutopetsa asanadzuke n'komwe.

"Aise, ukudzivutitsiranji?" anatero Chidule. "Madala ako chikuwasowetsa mtendere n'chiyani? Si phokoso? Mabuleki akugwira kapena sakugwira?"

"Akugwira."

"Ndiye basi. Bweretsa pulayala."

Chidule anagwira kachitsulo kolira kaja, n'kukapinda mpaka kanathyoka. Anachita chimodzimodzi mbali inayo. Anabwezeretsa mapadi akale omwe aja, n'kumanga matayala.

"Kuwasinthako udzachita tsiku lina ukapeza mpata. Lero kapume, wagwira ntchito."

Galimoto inalowa pageti ili zii. Bambo anamwetulira koyamba patapita masiku ambiri. Mayi ataona manja akuda a mwana wawo, anathamanga kukamutenthetsera madzi.

"Wasintha mbali zonse?" bambo anafunsa.

"Zonse, bambo."

"Unapita nayo yakale ija?"

"Ndinapita nayo."

Bambo sakanatha kugwada kuti asuzumire kuseri kwa tayala, ndipo Mzime ankadziwa zimenezo. Bokosi la mapadi atsopano analilowetsa m'nyumba atalikulunga m'juzi, n'kulikankhira pansi pa bedi. Anadzilonjeza kuti mawa lomwe akalibweza kusitolo.

Mawa lija silinafike. Munthu amene analephera kugwira ntchito phokoso likumukumbutsa, akanaigwira bwanji phokosolo litatha? Miyezi inadutsa. Kenaka kunayamba kumveka kulira kwina, osati kwa tswiii kuja, koma kokhwekhwereza, chitsulo chikudya chitsulo chinzake. Akamafika kunyumba, Mzime ankayamba kuchepetsa liwiro ali patali, n'kuima ndi handibuleki kuti bambo asamve. Akakhala ndi mayi ankakweza wailesi.

"Mwanawe, chikukhwekhwerezacho n'chiyani?" mayi anafunsa tsiku lina.

"Ndi mchenga umenewo amayi. Mapadi atsopano amatero."

Mayi anakhulupirira, poti analibe chifukwa chokayikira mwana wawo.

Tsiku latsokalo kunacha bwinobwino. Mzime ndi mayi ake anapakira mathireyi ambiri kuposa masiku onse chifukwa golosale ina yatsopano inali itaitanitsa mazira, ndipo njira yake inkadzera pamtsetse wautali umene kumunsi kwake kuli sukulu. Ali pakati pa mtsetsewo, Mzime anaponda buleki. Panamveka kuti khoo! kutsogolo, phazi n'kulowa mpaka pansi. Anapondanso, anapopa, koma panalibe chogwira. Anakoka handibuleki, galimoto inangopepeluka n'kupitirira.

"Mzime! Ana awo! Ana akuwoloka!" mayi anakuwa.

Anakhotetsa chiwongolero kuti apewe anawo. Galimoto inakamenya mpanda wa njerwa, ndipo mbali imene inamenyayo ndi imene kunakhala mayi.

Mzime anatuluka ndi bala laling'ono pamphumi. Mayi anawatulutsa anthu, atachita kudula chitseko. Madokotala anayesetsa, koma mwendo wamanzere sanathe kuupulumutsa.

Patapita masiku, banja lonse linasonkhana m'chipatala mozungulira bedi la mayi. Bambo anali atatsamira ndodo yawo, maso ali psuu ndi mkwiyo.

"Mapadi sangathe pa miyezi yochepa chonchi," anatero. "Mayi wa kusitolo uja anagulitsa mwana wanga zinthu zachinyengo. Ndikupita kupolisi lero lomwe. Sitolo imene ija aitseke asanaphe munthu wina."

Mkulu wake wa Mzime anavomereza, mlongo wake nayenso anavomereza. Mzime akanangokhala chete pang'ono pokha, mlandu wonse ukanagwera munthu amene anamupatsa malangizo abwino, iye n'kupulumuka.

Ndipo mayi anatambasula dzanja n'kumugwira.

"Usadziimbe mlandu, mwana wanga. Iwe mbali yako unachita. Ndinaona ndekha mmene manja ako anadera tsiku lija."

Mawu amenewo ndi amene anamuthyola. Anatuluka, anakwera basi mpaka kunyumba, n'kubwerako atanyamula bokosi lafumbi. Analiika pabedi, pamalo pamene pakanakhala mwendo wa mayi ake, n'kulitsekula. Mapadi anali mmenemo, atsopano, osagwirapo ntchito ngakhale tsiku limodzi.

Anagwada pansi, anagwira dzanja la mayi ake n'kufotokoza zonse: kuti anapita chimanjamanja, kuti mayi wa kusitolo anamuchenjeza, kuti iye ndi Chidule anathyola kachitsulo kolira kaja, kuti anamva kukhwekhwereza n'kukweza wailesi. Mkulu wake anafuna kumudumphira, anthu n'kumugwira. Bambo anayang'ana bokosilo nthawi yaitali.

"Ukanangondiuza kuti sanalowe," anatero ndi mawu otsika. "Ndikanakukalipira tsiku limodzi basi."

Mayi anachotsa dzanja lawo pang'onopang'ono, n'kutembenukira kukhoma, misozi ikutsika.

Anadzamukhululukira pambuyo pake, poti mtima wa kholo ndi wotero, ndipo Mzime analapadi pamaso pa Mulungu ndi pamaso pa anthu. Galimoto inagulitsidwa kwa ogula zitsulo. Chidule sanabwere n'komwe kudzazonda. Masiku ano Mzime amadzuka kusanache, amatola mazira, amawapukuta, n'kuwanyamula pa njinga mpaka m'magolosale. Akabwerako amanyamula mayi ake kuwatulutsa panja kuti awothere dzuwa. Palibenso amene amamutuma kawiri. Koma khama lonselo silinameretse mwendo.

Inu achinyamata, mverani. Ulesi suyenda wokha, umabwera ndi bodza kuti liubise, ndipo bodza limafuna kuti mutseke pakamwa chilichonse chimene chikukuchenjezani, kaya ndi kholo, kaya ndi chikumbumtima chanu. Chenjezo likasiya kumveka sindiye kuti ngozi yachoka. Ntchito imene mwapatsidwa igwireni lero, ndipo ikakukanikani nenani zoona, chifukwa amene adzalipire ulesi wanu mwina sadzakhala inu, adzakhala munthu amene amakukondani kuposa wina aliyense.