Woyendera Odwala Amene Anasiya Kuyenda

Pakhomo pa mmisiri wina wa matabwa palibe ankadya asanapemphere. Mwana wake wamkazi womaliza, amene onse ankangomutcha Mzime, anakulira m'nyimbo za Mulungu ndi phokoso la macheka, ndipo pakamwa pake pankatuluka mawu okoma.

Lamulungu lina abusa anafunsa mumpingo, "Ndani angadzipereke kutsogolera oyendera odwala?" Mzime anakweza dzanja funso lisanathe n'komwe. Anthu anawomba m'manja. Anam'patsa mpando wakutsogolo, ndi nthawi yofotokozera mpingo za odwala sabata iliyonse.

Pobwerera amayi ake anati, "Mwanangu, udindo umenewu ndi wa miyendo, si wa pakamwa. Waulingalira bwino?"

"Amayi inunso, mumangoopa zilizonse."

Mwezi woyamba anayendadi. Koma m'zipinda za odwala munkanunkha mankhwala, ndipo munalibe womuwombera m'manja. Lachinayi lina, akupita kukaona agogo osoka nsapato amene anatupa miyendo, mnzake wa pasaluni anamukodola.

"Iwe, dzuwa lonseli? Khala apa ndikuluke tsitsi. Agogowo athawira kuti ndi miyendo imeneyo? Lamulungu ukangoti akupezako bwino, afufuza ndani?"

Mzime anaseka n'kukhala pansi. Lamulungu ananenadi choncho, anthu n'kuyankha "Ameni." Sabata yotsatira bodza linatuluka mosavuta, mpaka anayamba kulikometsera.

"Nsapato zako zasiya kubwera ndi fumbi," anatero bambo ake tsiku lina, akupala thabwa. "Ngati watopa, kawauze abusa. Kutopa si tchimo, koma kunama ndi tchimo."



Lamulungu lachisanu chiyambire kunama, Mzime anaimirira kutsogolo. "Agogo athu osoka nsapato ndawaona Lachinayi kunyumba kwawo. Akuyenda okha, ndipo akupereka moni kwa nonse."

Kumbuyo kunaimirira mayi wina maso ali ofiira. Anali mwana wa agogowo.

"Pepani abusa. Bambo anga ali m'chipatala, lero tsiku lakhumi. Tsiku lililonse amandifunsa kuti, 'Kodi mpingo wandiiwala?' Ndabwera kudzafunsa ndekha."

Mzime anafuna kupeka bodza lina, koma ataona amayi ake atazolika, analisiya.

"Ndinanama," anatero. "Sindinapiteko. Ndanama masabata asanu."

Masana omwewo anapita kuchipatala. Anawapeza agogo ataonda, atayang'ana kukhoma. Anagwada pambali pa bedi n'kuulula zonse, misozi ili chuchuchu.

Agogo anati, "Ndiye unandiyendetsa ndekha? Madokotala alephera, iwe n'kutha ndi pakamwa pokha!" Anaseka mpaka kutsokomola. "Dzuka, mdzukulu wanga. Wandipeza ndikupuma, thokoza Mulungu. Ndiwerengere salimo, maso angawa atha."

Abusa anapereka utsogoleri kwa namwino wina wopuma pantchito, ndipo Mzime anapempha kuti azingomutsatira pambuyo. Kwa iye anaphunzira kutembenuza wodwala, kumumwetsa madzi, ndi kukhala naye chete osathamangira kuchoka. Agogo atatuluka m'chipatala, Mzime ndiye anawakankha panjinga ya odwala mpaka kunyumba.

Mnyamata ndi mtsikana iwe, mpingo ukusowadi anthu odzipereka, ndipo kweza dzanja. Koma usalikweze pofuna kuoneka. Ulesi ukalowa mu ntchito ya Mulungu umabala bodza, ndipo amene amavutika nalo ndi wodwala amene akudikira pakhomo. Mzime anapeza mpata wopepesa agogo ali moyo. Si onse amene amaupeza.