Amene Ankazimitsa Boyila ya a Genowefa

Madzulo a Lachinayi lina a Genowefa anachita zonse monga anaphunzitsidwira. Anatsikira kuchipinda chapansi, anadzaza malasha m'kankhokwe ka boyila yotenthetsera nyumba, anachotsa phulusa. Kenako anavala magalasi n'kuwerenga manambala pa kabokosi ka mabatani: chitsulo chokankha malasha chizungulire masekondi khumi, chipume makumi anayi, mpweya wa fani ukhale pakatikati. Moto unali wachikasu, woyaka bwino, ndipo mapaipi m'nyumba monse ankatentha.

Boyilayi inali ya amuna awo, malemu a Alojzy, amene anakumba malasha kufupi ndi Rybnik mpaka mapapo anatha. Ali moyo sankalola munthu kuikhudza, ngakhale kuipukuta fumbi. Atamwalira, mwana wawo Waldek ndiye ankabwera Lamlungu lililonse kudzaphunzitsa mayi ake, moleza mtima zedi.

"Koma Amayi, tigwirizane," anatero Waldek tsiku lina. "Khirisimasi ikafika nyumba ikuzizirabe, tigulitsa, mubwera kwathu ku Katowice. Sindikufuna kudzakupezani mutauma gwa ngati nsomba ya mufiriji."

"Iwe, nyumba ino ndinabadwiramo. Ndidzatulukamo atandinyamula."

Komabe a Genowefa anavomera, poti ankadzidalira. Koma kawiri kapena katatu pa sabata ankadzuka mano akugundana. Akatsika ankapeza moto wazima, nambala ya malasha yatsika kufika pa atatu. Waldek ankangopukusa mutu. "Mwina mumadina osazindikira, Amayi. Ukalamba sugogoda pofika." Mawu amenewo ankawalasa. Anayamba kukayikira mutu wawo womwe, mpaka ankalira akusenda mbatata.

Usiku wina ali pabedi anamva timabatani tikulira pansi, ndipo anangoti basi, ndi a Alojzy. Nsanje yawo pa chitsulo chija yawatsata mpaka kumanda! Anakwiya kwambiri moti anasiya kukayatsa kandulo pamanda pawo.

Ndiye Lachinayi limenelo sanavule nsapato. Anakhala pampando mumdima, tochi ili m'manja.

Cha m'ma thu koloko anamva. Pi. Pi. Pi.

Kenako zii. Kenako kupuma kwa munthu, kolemera.

Anatsika masitepe mmodzimmodzi. Chitseko cha panja, cholowetsera malasha, chinali chotsegula pang'ono. Mphepo yozizira inkalowa. Patsogolo pa boyila panaima mwamuna, atapereka msana, dzanja lili pa kabokosi. Sankagwedezeka.

"Alojzy," anatero a Genowefa, mkwiyo utaposa mantha, "zaka makumi anayi ndakuchapirani zovala zakuda bii. Lero mukufuna kundichotsa m'nyumba mwanga?"

"Amayi, ndine."

Tochi inatsala pang'ono kugwa. Anali Waldek, nkhope ili mbuu, misozi ndi mamina zasakanikirana.

"Amayi, auzeni andisiye. Chonde, auzeni."

"Ndiuze ndani?"

 Anangoloza dzanja lake ndi maso. Chala chake chinali pa batani, ndipo a Genowefa anachiona chikutsika pang'onopang'ono, iye akulimbana nacho mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Nambala ya malasha, imene inali pa atatu, inayamba kukwera. Pi. Anayi. Pi. Asanu. Chinkadina ngati cha mwana amene wamkulu wamugwira dzanja pomuphunzitsa kulemba. Pa khumi chinaima. Chitsulo chinazungulira, malasha anagwera pamoto, fani inayamba kuuzira. Dzanja silinachoke. Pamkono pake panali mizere yakuda ya zala, koma m'chipindamo anali awiri okha.

A Genowefa anakhala pa ndowa ya phulusa. Mantha anali atathawa, kunatsala kuwawa kokha.

"Wabwera kangati?"

"Amayi, ndimafuna zabwino. Wogula alipo kale, ndipo inu nokha muno..."

"Ndati kangati?"

"Kasanu ndi kanayi."

"Unkayendetsa galimoto usiku kuchoka ku Katowice kudzazimitsa moto wa mayi ako. Lamlungu n'kudzadya msuzi wanga, n'kumandiuza kuti mutu wanga wayamba kuzungulira. Ndinakhulupirira, Waldek. Ndinatukwana bambo ako ali m'manda chifukwa cha iwe."

Anapisa dzanja m'thumba la jekete la mwanayo, anatulutsa kiyi wa chitseko cha malasha, n'kuyamba kukwera.

"Amayi! Musandisiye nawo!"

"Ndi bambo ako. Kambiranani."

Anagona m'nyumba yotentha, koma tulo sanatione. Pansipo ankamva mawu a Waldek akupepesa, akuima ngati akumvetsera, kenako akupepesanso.

Kutacha, a Truda oyandikana nawo nyumba anamuona Waldek akutuluka pa chitseko cha malasha, atakumbatira mkono, tsitsi lili phulusa lokhalokha. Sanapereke moni. Pofika masana nkhani inali itazungulira msewu wonse. Ena ankanong'ona kuti wamumgodi salekana ndi moto wake. Ena ankati ndi magetsi chabe anamukoka, ngakhale palibe amene anafotokoza za mizere ija, imene akuti sopo anailephera.

A Truda anabwera ndi keke, maso ali pa masitepe opita pansi.

"Anzanga, inu mugonabe muno? Simukuopa?"

A Genowefa anathira tiyi, dzanja lili phee.

"Ndiope wakufa? Ameneyo sanandinamizepo. Loko watsopano wa pa chitseko cha malasha ndagulira amene ndinamuyamwitsa."