Muzu Wotsuka M'mimba

Mainess anali atagwira kapu ndi manja onse awiri, koma anangoima pakhomo osalowa m'chipinda momwe munagona atate ake.

Atate akewo, a Alfonsi Jere, anali okonza njinga pamsika wa ku Nabvutika. Kuwongola masipoko ankadziwa, koma mimba yawo inawakanika. Kuyambira mvula ya 1996 ankatsegula m'mimba mpaka magazi, moti buluku lawo linayamba kufuna chingwe. Kuchipatala ankawaperekeza ndi Mainess, poti amayi ake sakanasiya matimati pamsika, komanso iye anali wa Giredi 9, womva zolankhula za madokotala.

Dokotala anawafotokozera bwinobwino. Anati khoma la m'kati mwa matumbo ndi timaselo tating'onoting'ono togundana, ndipo m'selo lililonse muli tiulusi ta mapuloteni tolilimbitsa, monga nsichi ndi luzi zimagwirira nyumba yadothi. Matumbo akatupa, tiulusito timamasuka, maselo amatayana, pamatseguka zilonda. Pochira, maselo a m'mphepete mwa chilonda amakwawa pang'onopang'ono mpaka kuchitseka.

"Panopa khomalo likumatidwa kumene," anatero. "Mapiritsi, phala, kupuma. Chotsuka m'mimba chilichonse, ayi."

Patatha milungu itatu magazi anasiya. A Jere anayambanso kudandaula kuti m'phala mwachepa shuga, ndipo aliyense anadziwa kuti munthu wabwerera.

Ndiye kunatsika azakhali Ketilina pa minibasi yochokera ku Mtenguleni, nkhuku m'khwapa, mizu pamfundo ya chitenje. Mayi ameneyu ankaseketsa anthu ngakhale pamaliro. Atangowaona alongo awo anati awonda ngati pampu ya njinga, a Jere n'kuseka mpaka kugwira pamimba. Kumudzi kwawo banja lonse linkamwa muzu wotsuka m'mimba chaka chilichonse mvula ikatha, choncho azakhali sanakayike konse: munthu wodwala miyezi yonseyi ndiye kuti m'kati mwadzaza zonyansa.

Mainess anayesa kunenako za maselo.

"Maselo? Iwe mwana, atate akowa ndinkawasambitsa ndine ali khanda, selo sindinalionepo ngakhale limodzi. Tenga kapu ya muzuyi ukawapatse. Ine andikanira, koma iwe sangakukanire."

Apo sananame. Mainess anaima pakhomo paja, mawu onse a dokotala ali m'mutu. Koma kutsutsa azakhali, amene anabereka atate ake kumbuyo, pamaso pa anansi odzawalonjera? Analowa. A Jere anamuyang'ana, kenako anayang'ana kapu.

"Dokotala uja analola, mama?"

Mainess anazolika. Iwo anayesa kuti wavomera, ndipo anamwa osasiyako dontho.

Anamwa masiku atatu. Tsiku lotsatira magazi anabwerera, ochuluka kuposa kale. Anawatengera kuchipatala pa njinga ya kasitomala imene inali isanathe n'kukonzedwa komwe. Dokotala atafunsa chimene wodwala anamwa, azakhali, amene pakamwa pawo sipankatsekeka, anangoyang'ana zala zawo. Anayankha ndi Mainess, n'kuwonjezera kuti kapuyo anapereka ndi iye. Dokotala sanakalipe. Anangoti zilonda zomwe zinkatsekeka zija zang'ambikanso, ndipo thumbo labooka.

A Jere anamwalira Loweruka masana.

Pamaliro amenewa panalibe nthabwala. Anthu atabwerako kumanda, mayi wina woyandikana nawo anakhala pambali pa azakhali n'kuwanong'oneza kuti mwana wake akuvutika m'mimba, amugawireko muzu wotchuka uja. Mainess anali pomwepo akutsuka mbale. Ulendo uno anaimirira, manja akudontha madzi, mawu atafika kale pakhosi.

Koma anayamba kuyankha ndi azakhali, osadzutsa mutu.

"Pitani naye kuchipatala, amake mwana. Mutengeko Mainess akamve zimene akanene kumeneko, ndipo akakuuzani mumumvere. Ine sindinamumvere. Tinabadwa awiri, lero ndatsala ndekha."