Kamtengo Kokulira Pansi

Kunyumba onse ankamuitana kuti Kafupi. Anali wamfupi ndithu. Pa mzere wa kusukulu ankaima kutsogolo. Kafupi ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna mtengo wakewake, wautali kuposa nyumba.

Tsiku lina anatola njere ya mthethe. Anaidzala kunja kwa mpanda. Mvula inagwa. Kamtengo kanamera. Kanali ndi timasamba tiwiri.

Koma udzu nawo unamera. Ha, udzu suchedwa! Unafika m'mawondo. Unafika m'chiuno. Kamtengo kanatsala pansi, mumthunzi.

Kafupi anatenga kachitini ka madzi. Anathirira m'mawa. Anathirira madzulo. Udzu unatalika. Kamtengo kanali pomwepo.

"Amayi, kamtengo kanga sikakukula," anatero Kafupi.

Amayi anabwera kudzaona. "Mwanawe, ukudyetsa udzu," anatero. "Udzu ndi wadyera. Umalanda madzi. Umalandanso dzuwa."

Kafupi anazula udzu wozungulira kamtengo. Udzu unamucheka zala. Iye sanaleke. Dzuwa linafika pa timasamba. Koma kamtengo sikanatalike.

Achimwene ake ankamuseka. "Mwini wake wamfupi, mtengo wake waufupi!"

Mvula inatha. Udzu unauma gwa. Tsiku lina moto unabwera kuchokera kutchire. Abambo ndi achimwene anauthimitsa ndi nthambi. Nyumba inapulumuka. Koma kunja kwa mpanda kunali phulusa lokhalokha.

Kafupi anathamangira kumeneko. Kamtengo kanali bii. Kanalibe tsamba ndi limodzi lomwe. Kafupi analira.

"Kafa aka," anatero achimwene. "Ndikazule. Udzadzala kena."

"Ayi, achimwene! Kasiyeni!"

Achimwene sanamve. Anakoka. Kamtengo sikanazuke. Anakokanso. Kamtengo sikanazuke. Anakoka ndi manja awiri. Manja anaterereka. Achimwene anagwa chagada, khu! Anadzuka ali mbuu ndi phulusa.

Abambo anagwada. Anafukula dothi pang'onopang'ono.

"Kafupi, tabwera uone," anatero.

Pansi panali muzu. Unali wonenepa ngati chala cha abambo. Unalowa pansi, pansi, kutali.

"Mizu ya udzu ili pamwamba," anatero abambo. "Muzu uwu wapita kumene udzu sufika. Kumeneko kuli madzi. Moto nawo sufikako."

Kafupi anapukuta misozi. Anaganiza kaye.

"Ndiye kuti kamakula nthawi yonseyi?"

"Kamakula, mwananga. Kamakulira pansi."

Kafupi anabwezera dothi. Anadikira. Anadikirabe. Kudikira n'kowawa, koma anadikira.

Mvula inabweranso. M'mawa wina Kafupi anakuwa. "Amayi! Abambo! Kaphuka!"

Panali timasamba tatsopano, tobiriwira. Sitinali tiwiri ayi. Tinali tambiri.

Udzu nawo unameranso. Udzu sutopa! Kafupi anazula. Achimwene nawo anagwada. Anazula naye limodzi. Chaka chimenecho kamtengo kanapitirira udzu.

Madzulo ena, onse anaima pafupi ndi kamtengo. Achimwene anaika dzanja pamutu pa Kafupi.

"Mtengo watalika," anatero. "Nanga iwe udzatalika liti?"

Kafupi anaponda pansi mwamphamvu. Anayang'ana achimwene m'maso.

"Musandizule, achimwene," anatero. "Ndikukulira pansi."