Chitenje cha Nkhanga pa Kamera

Sindine munthu wolankhulalankhula, koma izi zinachitikadi kwathu ku Mtendere, dzuwa likuswa mtengo, ndipo ba Nsama, bambo oyandikana nafe nyumba, analipo.

Agogo anga aamuna, ba Dingani, atadwala sitiroko, ndine ndinkawasambitsa masana alionse. Mwana wawo, ba anti Deborah a ku Kitwe, anatuma munthu kudzaika kamera m'chipinda chogona cha agogo kuti aziona pafoni ngati agwa. Agogo anailoza ndi dzanja lawo labwino.

"Mwana wanga mukazi sangena muno," anatero movutikira. "Manje wangena na maso."

Ndinaopa kuwauza anti.

Patapita sabata, anti anaimba atakwiya. "Iwe Chola, ubisa chani? Ukayamba chabe kubasambika, uphimba kamera na chitenje. Ukachita futi, uyenda kumunzi, nizafuna nesi!"

Kamerayo ndinali ndisanaikhudzepo. Mawa lake ndinapempha ba Nsama kuti aime m'chipindamo, msana ku bedi, maso pa kamera.

Ndinathira madzi m'beseni. Nyimbo za kutaveni yapafupi zinaleka. Kunamveka fungo la kamfa wosungira zovala, lomwe lija la m'sutikesi ya malemu agogo aakazi. Ndinawavula agogo shati. Ankamwetulira tsaya limodzi.

Foni ya ba Nsama inalira. Anali anti.

"Waphimba futi!"

"Amai, palibe nsalu apa," ba Nsama ananong'ona. "Niyangana pamene apa."

Anti anatumiza chithunzi cha zimene ankaona. Nsalu yachikasu. Nkhanga zakuda. Chigamba cha ulusi wofiira pakona.

Anaimbanso. Mawu anali pansi.

"Ni chitenje chamene tinabavalika amai mu bokosi la maliro."

Ndinatenga foniyo. "Ba anti, agogo sibafuna muzibaona bali chabe, osavala. Banakamba kale. Nine ninaopa kumiuzani."

Anti anati, "Ichosemo, mwana wanga."

Ndinakwera pampando n'kuchotsa kamerayo ndi manja anga. Tsopano ili pabalaza, moyang'ana mpando wa agogo, ndipo pabedi ndinawamangirira kabelu. Nesi sanabwere. Ba Nsama akamafotokoza nkhaniyi kutchalitchi amatchula dzina langa, ine n'kuyang'ana pansi, koma mumtima ndimakondwa.

Chitenjecho sichinaonekenso pafoni.

Koma masana alionse, ndikangothira madzi m'beseni, chitseko cha chipinda chimadzitseka chokha, pang'onopang'ono, mwaulemu.