Matabwa Obwereka

M'chipinda cha makompyuta munatsala anthu atatu okha: aphunzitsi a zojambula, mtsikana wosayankhulayankhula amene anzake ankamutcha Chete, ndi Nthenga, yemwe thukuta linali kamukamu mpaka mausi kumaterereka m'manja.

Tsikulo linali lomaliza kupereka zithunzi zopita ku chionetsero cha masukulu, ndipo Nthenga anali atauza kale mayi ake kuti akonzeke kukaona mlatho wake wamatabwa utapachikidwa pakhoma. Koma chimene chinali pa sikirini sichinali mlatho. Matabwa onse anali ofanana kukula, apafupi ndi akutali omwe, moti ankangooneka ngati makwerero oyedzamira khoma. Mtundu wake unali ngati matope. Akayesa kujambula timizere ta m'thabwa, tinkatuluka towongoka ngati mizere ya m'kope. Anafufuta, n'kuyambanso, n'kufufutanso, mpaka khosi linauma.

"Belu likangolira ndikutseka," anatero aphunzitsi osadzutsa mutu.

Nthenga anasowa mtengo wogwira. Pofufuzafufuza m'kompyutamo, anapeza fayilo imene Chete anasunga dzulo lake. Munali chitseko cha matabwa okongola, timizere tikukhota mozungulira mfundo ngati madzi akamalambalala mwala. Anasuzumira pakona. Chete anali atawerama, maso ali pa ntchito yake. Nthenga anakopera matabwawo n'kuwayala pa mlatho wake.

"Ndamaliza, aphunzitsi."

Aphunzitsiwo anabwera n'kuyang'anitsitsa. "Mlathowu waimirira ndithu, koma matabwa okhawa wawatha. Mpaka ndikumva fungo la utuchi. Thabwa lapafupili ndi lomwe lachepa mfundo. Wonjezera ina apa, ngati zinazi. Ndikudikira."

Nthenga anagwira mausi, koma poyambira sanapadziwe. Anajambula kachinthu kozungulira, kanatuluka ngati dzira. Anayesanso, kanatuluka ngati diso la nsomba. Sikirini inayamba kuoneka mwachimbuuzi chifukwa cha misozi.

"Matabwawa si anga," anatero chapansipansi. "Ndi a Chete."

Aphunzitsi anayang'ananso matabwa aja. Sanakalipe. "Achotse," anatero. "Ndipo chithunzi chako sichipita."

Nthenga anawachotsa, kenaka anagwetsa nkhope patebulo. Anamva mpando ukukwekwerezedwa pansi mpaka pambali pake, ndipo anadikira mawu achipongwe.

"Ukanangondifunsa," anatero Chete. "Inenso zinandiliza teremu yonse. Tadzuka, uone."

Chete anaika kadontho pa sikirini, chapatali, pamwamba pa mtsinje. "Mizere ya m'mbali mwa mlatho ikakumane apa. Thabwa likamatalikira lizichepa, timizere take tizithinana. Ndiye timizereto usatiwongole. Jambula kamzere kamodzi, ukakhotetse, ukakopere, kenaka kalikonse ukasinthe pang'ono, kena kakuda, kena kowala. Mtengo sukula ndi rula."

Nthenga anapukuta maso ndi kolala ya yunifolomu n'kuyesa. Kamzere koyamba kanakhota moipa. Kachiwiri kanamvera. Pamene belu linkalira, pa sikirini panali thabwa limodzi lokha, lopindika pang'ono, koma aliyense akanalizindikira kuti ndi thabwa.

Aphunzitsi anayamba kuliza makiyi pakhomo. Nthenga anasunga fayilo yake n'kuzimitsa kompyuta.

"Pepa, mnzanga," anatero akutuluka. Anayenda pang'ono, kenaka anafunsa, "Mawa ubweranso muno?"

"Ndikatha kusesa m'kalasi," anayankha Chete. "Koma mausi uzigwira wekha."