Jenereta Yozimitsidwa Masana

Kwawo sankadya asanapemphere, ndipo bambo ake, omwe anali kalipentala, ankabweza ngakhale msomali wotsala kwa mwini wake. Mnyamata wa m'banja limeneli atapeza ntchito yoyang'anira nyumba yosungiramo katundu wa mabungwe othandiza ovutika, onse anakondwa. Madzi osefukira anali atagwetsa nyumba m'zigawo zingapo, choncho mabungwewo anagwirizana zosunga mankhwala awo pamodzi, m'chipinda chimodzi chozizira. Makiyi a chipindacho ndi a jenereta anapatsidwa iye, moti anzake anangomutcha Wamakiyi.

"Mwananga," anatero bambo ake, "m'chipindamo muli moyo wa anthu amene sudzawaona. Usaseweretse."

"Ndamva, bambo." Kumva anamvadi, koma ndi makutu okha.

Tsiku lina dalaivala wina wa lole anamukokera kuseri. "Aphwanga, mukufa ndi ludzu miyendo ili m'madzi? Mabwana akapita kumisonkhano yawo ija, muzithimitsa jenereta masana. Dizilo wotsalayo ndizigula ine."

"Nanga mankhwala akawonongeka?"

"Munaonapo botolo likudandaula?"

Wamakiyi anaseka, n'kuyesa kamodzi. Palibe anadziwa. Kamodzi kaja kanasanduka masiku onse, ndipo posakhalitsa anatulukira kunyumba ndi nsapato zonyezimira.

Mayi ake anaziyang'ana osamwetulira. "Malipiro akwera liti, iwe? Ukatambatamba uziyang'ana kum'mawa."

Iye anangoti mayi ndi achikale. Tsoka ilo!

Masana ena anatsegula chipinda chija n'kupeza mukutentha ngati m'khitchini. Anayatsa jenereta msangamsanga, n'kukayang'ana mankhwala aja. Mabotolo ankaoneka bwinobwino, ndipo n'zimene zinamuopsa kwambiri.

M'mawa mwake kunabwera namwino wa bungwe lina kudzatenga makatoni. "Awa ndi oletsa amayi kutaya magazi pobereka," anatero. "Akupita kumsasa wa kutsidya kwa mtsinje. Akhala akuzizira bwino, eti?"

Kumsasa umenewo n'kumene kunkakhala mlongo wake wa Wamakiyi, yemwe anali woyembekezera, nyumba yake itagwa ndi madzi. Wamakiyi anafuna kuulula, koma dalaivala uja, yemwe anali pomwepo, anamunong'oneza, "Mukangotsegula pakamwa, kundende tikalowa tonse."

"Akhala akuzizira, amayi," anayankha, n'kuthandiza kukweza makatoniwo ndi manja ake.

Kuchokera pamenepo chakudya chinasiya kulowa. Foni ikalira ankadzidzimuka. Ankapemphera kuti mlongo wake achire popanda jakisoni, koma kulimba mtima kokauza mabwana analibe.

Ndiye foni ija inaliradi. Anali mlamu wake. "Alamu, mwana wabadwa, koma mlongo wanu watisiya. Anamwino abaya jakisoni kangapo, magazi osaleka. Akuti ndi mayi wachitatu sabata ino. Kaya ndi mankhwala otani amenewa."

Wamakiyi anagwa pansi, kulira ngati kamwana. Madzulo ake anaulula zonse pamaso pa makolo ake ndi apolisi, koma kuululako sikunadzutse munthu. Pomwe ankamukweza m'galimoto, mayi ake anali atafungata khanda lamasiye, ndipo sanatukule nkhope.

Wachinyamata iwe, chenjera. Ukaba chimene chasungidwira ovutika, sudziwa amene wamukumbira manda. Mwina ndi wakwanu.